Khadi la Mayi wa ku New York

Everson Chisale asanapite ku Doha anali mphunzitsi wa jogalafe pa sukulu ina yapulaiveti ku Ntcheu, ndipo uphunzitsiwo sunamuchoke ngakhale atavala yunifolomu ya woperekera zakudya m'hotelo. Akamva chinthu chimene sakuchidziwa ankachifufuza mpaka achidziwe, kenako n'kumafotokozera aliyense amene ali pafupi, kaya wafunsa kaya sanafunse. Amalawi anzake ankangomuitana kuti Ticha.

Anafika ku Qatar mu 2018. Chaka chotsatira, hotelo imene ankagwirako itafuna anthu otsuka mbale, iye anapereka dzina la mlamu wake Mwai, mlongo wa mkazi wake Callista. Mwai anali ndi zaka makumi atatu, wanthabwala, wa mutu wogwira msanga, koma kumudzi anali atayesa kabaza, kuwotcha njerwa ndi kugulitsa mayunitsi osaphula kanthu. Atafika, Everson ndiye anamuphunzitsa kukwera metro, sitima ya pansi pa nthaka, kuyankha mabwana, ndi kusiyanitsa "inshallah" ya lonjezo ndi "inshallah" ya kukana. Onse ankakhala m'nyumba ya antchito a hoteloyo ku Umm Ghuwailina.

Mu Malichi 2020 mliri wa korona unafika. Malesitilanti anatsekedwa, maulendo a ndege anasokonekera, hotelo inatsala ndi alendo ochepa amene analephera kubwerera kwawo. Everson anali mmodzi mwa amene anatsala pantchito. Ankanyamula chakudya kupita nacho kuzipinda, kugogoda, kuika thireyi pakatebulo ka pakhomo, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo, nkhope ili m'masiki.

M'chipinda 614 munali mayi wina wachikulire wa ku New York, wa imvi zometa mwachidule. Anabwera kudzakonza zotsegula lesitilanti ya zakudya za kwawo ku Msheireb, mliri n'kumutsekereza. Kusungulumwa kunkamuchititsa kuima pakhomo n'kumacheza ndi aliyense wobweretsa chakudya. Dzina la Everson linkamuthawa, choncho ankamuitana kuti Mister Malawi.

Tsiku lina mayiyo anatuluka atavala malaya ojambulidwa apozi lofiira. Everson analephera kudzigwira.

"Pepani mayi, ndifunseko. N'chifukwa chiyani mzinda wanu amautcha Big Apple? Kodi kumalimidwa maapozi ambiri?"

Mayiyo anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Ndinabadwira komweko, ndakalambira komweko, koma ukudziwa? Sindikudziwa."

Everson anafufuza pafoni ali m'basi ya antchito, anafufuzanso pa nthawi yopuma masana. M'mawa mwake ataika thireyi pansi anaima chilili ngati ali kutsogolo kwa kalasi.

"Mayi, ndabwera ndi yankho. Zaka pafupifupi zana zapitazo, mtolankhani wina wa ku New York amene ankalemba za mipikisano ya mahatchi anapita ku New Orleans, kum'mwera kwa dziko lanu. Kumeneko anamva amuna akuda osamalira mahatchi m'makola akunena kuti hatchi zikupita ku 'big apple', chiapozi chachikulu. Ankatanthauza mabwalo a mipikisano a ku New York, kumene kunali mphoto zikuluzikulu. Mtolankhaniyo anawakonda mawuwo n'kuyamba kuwalemba m'nyuzipepala. Oimba jazi nawo anawatola. Kenako anazilala, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene a zokopa alendo anawafukulanso." Anapuma pang'ono, n'kuwonjezera mawu akeake amene sanawawerenge paliponse. "Ndiye mayi, mzinda wanu wolemerawo dzina anaupatsa ndi anthu owola ndowe za mahatchi, ndipo mayina awo palibe amene anawalemba."

Mayiyo sanaseke. Analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kakhadi ka nambala zake. Kuseri kwake analemba m'Chingerezi kuti: Mulembeni ntchito Mmalawi uyu, akuuzeni nkhani ya apozi. Anasainira pansi.

"Ine ndikapeza ndege ndibwerera kwathu," anatero, "koma manijala wanga adzayamba kulemba anthu chakumapeto kwa chaka. Udzamupatse ichi. Ndikufuna munthu woti azifotokozera alendo zimenezi, monga momwe wandifotokozera inemu."

Everson anathokoza, koma mumtima ankadziwa kuti ndi maloto chabe. Masiku amenewo munthu sankasintha ntchito popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wake, imene onse ankaitcha NOC, ndipo hotelo yawo sinkapereka kalatayo kwa wina aliyense. Khadilo analiika m'thumba la m'kati la jekete yake ya kuntchito. Mu Juni mayiyo anapita.

Kumapeto kwa Ogasiti kunamveka nkhani imene inagwedeza nyumba yonse ya ku Umm Ghuwailina: boma lasintha lamulo, NOC yatha, munthu angopereka notisi n'kupita kumene wapeza ntchito. Ena sanakhulupirire. Everson anawerenga nkhaniyo katatu, n'kukwera masitepe kukafuna mlamu wake.

Pa nthawiyi hotelo inali itawagawa antchito poopa matenda, a kukhitchini m'zipinda zawo, operekera zakudya m'zipinda zawo, choncho awiriwa ankakumana padenga, pamene anthu ankayanika zovala. Madzulo aliwonse dzuwa likafooka, Everson ankaima pakati pa zingwe za zovala n'kumayeserera nkhani yake m'Chingerezi, Mwai atakhala pa chidebe chozondotsa ngati mlendo wa m'lesitilanti.

"Alamu, mukuthamanga," ankatero Mwai. "Mukafika pa mahatchi paja muzipumira kaye. Munthu aziyamba wadabwa kuti mahatchi akubwera bwanji pa nkhani ya apozi."

"Eya, mwanena zoona."

"Ndipo pa ndowe paja musamaseke. Muzinena nkhope ili gwa."

"Alamu, inu mukanakhala mphunzitsi."

"Ine ndi wa mapoto, alamu. Inu mukalowa kumeneko mudzandikumbuke basi."

Mu Okutobala a Mussa, bambo wachikulire wa ku Machinga amene ankayendetsa basi ya antchito a hoteloyo, anabwera ndi uthenga. Anali ataona chikwangwani pachitseko cha lesitilanti yatsopano ku Msheireb: ofuna ntchito abwere Lachiwiri ndi Lachitatu sabata yamawa. Everson anachapa shati yake yoyera n'kuisita kawiri.

Loweruka anadzuka mutu ukuwawa. Lamulungu thupi linatentha, ndipo atamuyeza anamupeza ndi korona. Ehteraz, pulogalamu ya pafoni imene munthu ankaonetsa polowa paliponse, inasintha kuchoka pa mtundu wobiriwira n'kufiira. Lolemba m'mawa galimoto inabwera kudzamutenga kupita naye kumalo osungirako odwala, kunja kwa mzinda, kwa masabata awiri. Mwai nayenso anayezedwa n'kupezeka alibe.

Ali m'galimotomo Everson anaimba foni.

"Alamu, tamverani. Khadi lija lili m'jekete yanga mu loka, kakabati kanga ka kuntchito. Kiyi ndasiya kwa a Mussa. Mawa mupite ku Msheireb, mukamuonetse manijala, mukamuuze kuti mwini wake wadwala, adikire two weeks basi. Chonde."

"Musadandaule alamu. Ndipempha off, ndipita m'mawa kwambiri. Inu ingochirani."

Lachiwiri masana Mwai anaimba. Mawu ake anali otsika.

"Alamu, ndinapita. Akuti malo adzaza kale. Ndinachonderera, koma akuti khalas, zatha. Khadi lija analitenga manijala."

Everson anagona chagada kuyang'ana denga loyera la chipinda chimene munali mabedi a anthu osawadziwa. Anatsokomola, n'kunena kuti, "Mwayesetsa alamu. Zikomo." Madzulo ake anauza Callista pafoni, ndipo Callista anamulimbitsa mtima kuti chachikulu ndi moyo.

Everson anachira n'kubwerera kuntchito yake. Patangopita masiku ochepa Mwai anamuuza kuti wapereka notisi, wapeza ntchito ya kukhitchini pa nyumba ya anthu olemera ku Al Duhail. Everson anakondwa kuti lamulo latsopanoli lathandizako mmodzi wa iwo. Tsiku losamuka anamunyamulira chikwama mpaka pa siteshoni ya metro, ndipo ataona kuti nsapato za Mwai zang'ambika kutsogolo, anabwerera kukatenga zake zakuda, zimene anagulira tsiku lokafunsira ntchito lija, n'kumupatsa.

"Kwa anthu olemera musamalowe ngati wosowa kwawo," anatero.

Mwai analandira nsapatozo osamuyang'ana kumaso. Everson anaganiza kuti ndi chisoni cha kusiyana.

Miyezi inadutsa. Mwai ankaimba mwa apo ndi apo, n'kumati abwana ake ndi ovuta, salola alendo, off sapereka. Tsiku lina mu Febuluwale, basi itafika pa hotelo ndipo ena onse atatsika, a Mussa anamugwira Everson pamkono.

"Ticha, tadikirani. Mlamu wanu uja munati ali kuti?"

"Ku Al Duhail, bambo."

A Mussa anayang'ana chiwongolero. "Ine ndalimbana nazo sabata yathunthu kuti ndikuuzeni kapena ayi. Ndinakasiya alendo ku Msheireb. Ndinamuona ndi maso angawa, pa lesitilanti ija ya apozi pachikwangwani. Wavala shati yoyera."

"Mwina munaona wina wofanana naye. Ndi masikiwa anthu timafanana."

"Mwina," anatero a Mussa. "Mukadzapeza mpata mukadzionere."

Lachisanu linali tsiku lopuma la Everson. Anakwera metro mpaka ku Msheireb nthawi ya chakudya chamasana, n'kuyenda pakati pa nyumba zoyera zatsopano zija mpaka anaona chikwangwanicho. Pakhomo anaonetsa Ehteraz yake yobiriwira, anamuyeza kutentha pachipumi, n'kumukhazika patebulo la pakona. Anaitanitsa tiyi.

Mwai anatulukira chakukhitchini atanyamula mbale zinayi, akuyenda ngati anabadwira m'menemo. Anali atanenepako. Kumapazi kunali nsapato zakuda zija. Anaika mbalezo patebulo la banja lina la azungu, bambo wa banjalo n'kuloza chithunzi cha hatchi chimene chinali pakhoma. Mwai anaika manja kumbuyo n'kuyamba.

Everson anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Mtolankhani, New Orleans, makola. Pa mahatchi Mwai anapumira kaye. Pa ndowe sanaseke. Atafika poti mayina awo palibe amene anawalemba, mayi wa patebulopo anagwira pamtima, ana n'kuwomba m'manja. Mwai anawerama pang'ono, ndipo potembenuka kabaji ka pachifuwa pake kanaonekera bwino. Sikanalembedwe kuti Mwai. Kanalembedwa kuti Mister Malawi.

Kenako maso awo anakumana. Mwai anaima ngati wagundidwa. Everson analipira tiyi amene sanamwe n'kutuluka, ndipo anakaima mumthunzi kuseri kwa nyumbayo, pamene magalimoto amatsitsira katundu. Sanadikire nthawi yaitali.

"Alamu," anatero Mwai, akutsitsa masiki.

"Ku Al Duhail n'kuno?"

"Alamu, tandimverani kaye."

"Ndikumva."

"Ndinapita kukakunenerani, Mulungu ndi mboni. Ndinaima pa line maola awiri. Nditalowa ndinangotulutsa khadi, ndisanatsegule n'kamwa komwe, manijala anati, 'Ndiwe? Madam anandiuza za iwe. Yalla, tiuze nkhaniyo.' Anthu atatu akundiyang'ana. Ndinangopezeka ndayamba."

"Munangopezeka."

"Training inkayamba mwezi wotsatira. Inu notisi yanu ndi ya two months, yanga ya mwezi umodzi. Sakanakudikirani. Malowo akanapita kwa munthu wina wosamudziwa n'komwe. Si bola alowe wa m'banja?"

"Munawafunsa ngati akanandidikira?"

Mwai anasuzumira kuchitseko, Everson n'kupitiriza.

"Ndinali ndi chifuwa chosapumika, alamu. Munandiimbira foni n'kundiuza kuti zatha. Ine n'kukuthokozani. Ndinakunyamulirani chikwama. Mukanabwera n'kunena kuti alamu, ndalakwa, zachitika zakutizakuti, mwina ndikanakwiya sabata imodzi. Bwanji simunandiuze?"

Mwai anayang'ana nsapato, kenako anayang'ana kumbali. "Achemwali anati ndisakuuzeni."

"Achemwali ake ati?"

"Mayi a Ndaziona."

Ndaziona anali mwana wa Everson, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Wina anaitana Mwai m'kati, iye n'kukweza masiki n'kulowa mothamanga, ngati munthu amene wapulumutsidwa.

Everson anakhala pabenchi pafupi ndi njanji ya tramu, kasitima ka m'tauni, n'kuimbira mkazi wake. Callista anayankha mosangalala, kumbuyo kukumveka wailesi ndi nkhuku.

"Mayi a Ndaziona, ndili ku Msheireb. Ndamuona Mwai."

Wailesi ija inazimitsidwa.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo," anatero Callista chapansipansi. "Anandiimbira akulira."

"Musanalankhule ndi ine, kapena mutalankhula kale?"

"Ndisanalankhule nanu. Bambo a Ndaziona, munali kudwala. Anthu ankafa ndi matenda amenewo. Ndikanakuuzani bwanji?"

"Nditachira?"

"Ndinkafuna. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa." Kenako mawu ake analimba. "Komanso inu ntchito yooneka munali nayo kale. Inu muli ndi sukulu, kulikonse mukhoza kulowa. Mwai anali ndi chiyani? Manja ake munawaona mmene anasupukira ndi mankhwala otsukira mapoto? Ndi mlongo wanga yekhayo."

"Ine ndine ndani wanu?"

"Musatero."

"Miyezi inayi takhala tikulankhula m'mawa ndi madzulo. Ndinkakuuzani kuti Mwai akuvutika ku Al Duhail, abwana ake ndi ankhanza. Inu n'kumati timupempherere."

Callista anayamba kulira. Everson anamvetsera kwa kanthawi, kenako anadula foni. Tramu inadutsa kawiri iye ali pomwepo.

Sabata imeneyo analemba uthenga wautali wopita kwa manijala wa lesitilantiyo. Analembamo nambala ya chipinda cha mayi uja, malaya a apozi, tsiku limene anapatsidwa khadi. Anauonetsa a Mussa m'basi.

A Mussa anawerenga pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno. "Zonsezi n'zoona, ndipo ine ndikhoza kuchitira umboni. Mukatumiza amuchotsa. Mwina amukweza ndege. Koma inu sakulembani, Ticha. Bwana safuna milandu ya pachibale pamalo pake."

"Ndiye ndingokhala chete?"

"Ine sindinanene zimenezo. Ndangokuuzani mmene zithere."

Uthengawo unakhala m'foni masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Everson anaufufuta. Sikuti anakhululuka. Anangoona kuti akautumiza, iyeyo ndi amene adzakhale woipa pamaliro ndi paukwati uliwonse wa kuchimuna ndi kuchikazi mpaka kalekale, ndipo analibe mphamvu zosenza zimenezo pamwamba pa zinazi.

Mwai anaimba kangapo, Everson osayankha. Ndi Callista ankalankhula za sukulu ya mwana ndi za feteleza, n'kutsanzikana. Mu Epulo anapereka notisi yake ndipo mu Juni anayamba ntchito yoyang'anira operekera zakudya asanu ndi atatu pa hotelo ina yaing'ono. Inali ntchito yabwino ndithu. Cha m'nthawi yomweyo a Mussa anamuuza kuti mayi wa ku New York uja anabwera kudzaona lesitilanti yake, ndipo anajambulitsa chithunzi ndi Mwai pakhomo, onse ali m'masiki. Mayiyo anali asanaonepo nkhope yonse ya Everson, ndipo ngati anakayikira kanthu, sananene.

Mu Seputembala Everson anapatsidwa tchuthi cha mwezi umodzi, choyamba chibwerereni mliri. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, a Mussa anafika ndi kaphukusi kokulunga ndi tepi, kolembedwa kuti Amayi.

"Wandituma mlamu wanu. Muli mankhwala opaka m'mawondo ndi nsalu ziwiri. Akuti ngati mukana, ndibwerere nako."

Everson anatenga kaphukusiko. Apongozi ake anali ndi vuto la mawondo kuyambira kale, ndipo iwo sanamulakwire kanthu. Anatulutsa malaya ake awiri m'sutikesi kuti kapeze malo.

Ku Ntcheu Callista anamulandira pa siteji ya minibasi, Ndaziona atamugwira dzanja. Mwanayo anamudumphira. Callista anatenga chikwama chaching'ono n'kumayenda patsogolo, ndipo njira yonse anakambirana za mvula ya chaka chatha.

M'mawa mwake Everson anapita ndi Callista kwa apongozi ake. Anawapeza atakhala pamkeka pakhonde, miyendo atatambasula. Anagwada chapatali monga mwa mwambo, n'kupereka kaphukusiko kudzera kwa Callista. Mayiwo anamasula, ananunkhiza mankhwalawo, anayala nsalu imodzi pamiyendo n'kuisisita.

"Apongozi," anatero, "ine ndilibe mawu. Mwana uja anali wotayika, inu munamutola. Amandiuza pafoni kuti ngakhale ntchito yatsopanoyi munamupezera ndinu, munamuphunzitsa ndinu zoyankhula kwa azungu. Mulungu akudalitseni. Anthu ngati inu ndi osowa."

Callista anali atagwada pambali, maso ali pansi, akupinda ndi kupindula tepi ya kaphukusi kaja.

"Zikomo amayi," anatero Everson. "Mankhwalawo akuti muzipaka kawiri patsiku."